Makina Onse Pamalo Amodzi

Ana anga, za ubwana wanga ku Nathenje ndinakuuzani kale kangapo, ndipo mulibe zambiri. Chimene sindinakufotokozereni bwinobwino ndi chifukwa chimene mayi wanu, amene ankayang'anira anthu mu ofesi ya makompyuta ku Area 47, anapezekera tsiku lina ali ndi choko m'manja pa sukulu ya pulayimale ku Chinsapo. Munali aang'ono, tinangokuuzani kuti ndasamutsidwa. Tsopano ndinapuma ntchito, maso ayamba kufooka, ndiye ndati ndilembe zisanandithawe m'mutu. Mukaona mawu anga akuwawa musadabwe, mkwiyo wake sunathebe.

1990 mpaka 1992: Kawale

Ntchito ndinayamba m'chaka cha 1990 ngati wotayipa pa sukulu ina ya sekondale ku Kawale. Sukuluyo inali ya bungwe lina limene sindilitchula dzina. Bungwelo linalinso ndi mapulayimale ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 23, sekondale ina ku Area 25, ndi makoleji awiri, ina ya aphunzitsi, inayo yophunzitsa mpaka digiri. Ofesi yanga inali kachipinda kogundana ndi ofesi ya ahedi, ka windo limodzi loyang'ana kumipope. Munali tayipulaita yakale imene chilembo chimodzi chinkakanirira mpaka uchikoke ndi chala, ndi makina osindikizira opukusa ndi dzanja. Umatayipa mafunso pa sitensulo, n'kuikoleka pa mgolo wa makinawo, n'kumapukusa chogwirira, mapepala n'kumatuluka inki ikadali yonyowa. Ukalakwitsa chilembo umapakapo timankhwala tapinki tonunkha ngati topaka m'zikhadabo, n'kumauzira mpaka tiume. Madzulo ndinkafika kunyumba manja ali bii, ndipo bambo anu ankati anakwatira makanika.

Kusowa kunalipo, sindikana. Inki ikayamba kuuma tinkaidonthezera palafini kuti ifike kumapeto kwa temu. Mapepala tinkasindikiza mbali zonse ziwiri, zilembo za kuseri n'kumaonekera kutsogolo. Koma mphunzitsi akabwera m'mawa ndi mafunso ake olemba pamanja, pofika masana ana ake akhala pansi akulemba. Mapepala a mayeso ankachoka m'manja mwanga n'kulowa mu kabati ya ahedi, mtunda wosakwana kutambasula mkono, ndipo panalibe wina wowakhudza.

M'chaka changa chachiwiri, nthawi ya mayeso ili pakati, kansalu ka pa mgolo wa makina kanang'ambika. Ahedi anandipatsa masitensulo onse n'kundiuza kuti ndithamangire ku sekondale ya ku 25, ndikapemphe kugwiritsa makina awo. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Mayi Gondwe, amene tonse tinkawaitana kuti a Nyamhango monga amaitanirana kwawo ku Ekwendeni. Anali aakulu kwa ine, aafupi, a magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Amuna awo anali atamwalira pa ngozi ya galimoto n'kuwasiyira ana anayi, ndipo ankakhala nawo m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Mgona. Atamva vuto langa anachotsa sitensulo yawo pa makina ntchito ili theka, n'kuikapo yanga. Tinapukusa mosinthana mpaka mikono kuwawa, kenaka anandipatsa tiyi ndi chinangwa chimene anatengera nkhomaliro yawo. Kuyambira pamenepo, kwa ine kukatha inki ndinkapita kwawo, kwawo kukatha masitensulo ankabwera kwathu. Ankatayipa osayang'ana zala, uku akung'ung'udza nyimbo za mpingo m'Chitumbuka, ndipo pa zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawamvepo akutchula ngakhale funso limodzi la mayeso kunja kwa ofesi.

1993 mpaka 1995: Area 47

Chaka chimene dziko lonse linkakamba za kusintha, nafenso kusintha kunatipeza. Tinaitanidwa ku msonkhano pa koleji ya digiri ija, ahedi onse ndi otayipa onse. Woyankhula anali Bambo Chikuse, mphunzitsi wa pa kolejipo amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja kumene anakawonjezera maphunziro. Anali munthu wodziwa kuyankhula, ndipo tsiku limenelo ngakhale ine ananditenga mtima. Anati azungu ena othandiza alonjeza makompyuta, mapulinta ndi makina a fotokope, koma sangawamwaze m'masukulu onse. Akufuna ntchito yonse yotayipa ndi kusindikiza, ya mapulayimale, masekondale ndi makoleji, ikhale pamalo amodzi. Sukulu iliyonse isiye kuvutika payokha ndi inki yake. Makina onse akale asonkhanitsidwe, otayipa onse akhale pansi pa denga limodzi, ndipo ntchito izituluka yoyera ndi yofulumira.

Amene anafunsa funso anali Bambo Zimba, ahedi a pulayimale ya ku Chinsapo, bambo wachikulire wa mawu okalipa. Anafunsa kuti mphunzitsi wa ku Chinsapo azifika bwanji ku 47 ndi mafunso ake, ndipo kalasi azimusiyira ndani. A Chikuse anati padzakhala galimoto yozungulira masukulu onse. A Zimba anapempha kuti mwina makina opukusa okha atsale m'masukulu, poti safuna magetsi. A Chikuse anamwetulira n'kunena kuti pali anthu ena amene maganizo awo akadali a chipani chimodzi. Masiku amenewo mawu amenewa ankatseka pakamwa aliyense. Holo yonse inaseka, a Zimba n'kukhala pansi.

Lole inabwera n'kuzungulira masukulu. Inanyamula matayipulaita, makina opukusa, ngakhale timabotolo ta inki totsegula kale. Bungwe linachita lendi nyumba ku Area 47, ya mpanda wa njerwa, n'kuitcha Senta. Makina akale onse anawaunjika mu galaja ya kuseri n'kukhoma loko. Otayipa ena anauzidwa kuti malo achepa, anapita kwawo. Ife otsala tinaphunzitsidwa kompyuta. Apa ndinene chilungamo: zinandisangalatsa. Kulakwitsa chilembo n'kungochifufuta osapaka mankhwala, pepala kutuluka loyera ngati la m'buku, zinali ngati matsenga. Ndinagwira msanga, ndipo a Chikuse, amene anakhala mkulu wa Senta, anandiika kukhala woyang'anira anzanga. Udindo umenewu unkayenera a Nyamhango, koma anati iwo akalamba. Eni akewo sanadandaule. Anandigwira dzanja n'kuti bola wakhala mnzawo.

Chaka chotsatira sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana n'kudzaza m'makalasi mpaka pansi pa mitengo. Ntchito ya mapulayimale inachuluka koopsa, ndipo apa ndi pamene tinadziwa tanthauzo la denga limodzi. Lamulo la a Chikuse linali loti ntchito ya makoleji iyambe, kenaka masekondale, mapulayimale pamapeto. Mphunzitsi wa pa koleji akabwera ndi zolemba zake za msonkhano, tinkasiya mayeso a ana a ku Mgona pa tebulo n'kuyamba zake. Galimoto yozungulira ija inazungulira miyezi yochepa chabe, kenaka tinkangoiona ikuperekeza ana a bwana kusukulu. Aphunzitsi a ku Chinsapo ndi ku 23 ankasiya makalasi, kukwera maminibasi awiri ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kudzakhala pa khonde la Senta padzuwa. Ndipo amene ankatuluka kukawauza kuti abwere mawa ndinali ine. Ena anali anzanga a ku tchalitchi. Mayi wina wa ku Mgona, ali ndi pakati potopa, anabwera katatu chifukwa cha pepala limodzi la Chichewa la Sitandade 7. Ulendo wachitatu anangondiyang'ana n'kutembenuka.

Magetsi akazima, masukulu onse ankaima pamodzi. Kale magetsi akazima ku Kawale ine ndinkapitiriza kupukusa. Tsopano tinkakhala otayipa gulu lonse, manja pamiyendo, kuyang'ana makompyuta akuda, kuseri kwa khoma kuli makina opukusa akudyedwa ndi dzimbiri. Ndinapempha kiyi wa galaja kuti titulutse awiri okha. A Chikuse anakana, anati azungu akadzatipeza tikupukusa zinthu zachikale adzati thandizo lawo talitaya m'madzi.

Ndiyeno panali za Loweruka. Ife sitinkagwira Loweruka, koma Lolemba lililonse tinkapeza mipando itasunthidwa, mapepala atatha, inki ya pulinta itauma. M'bini munkakhala makadi a ukwati osindikizidwa molakwika, mapulogalamu a maliro, ndi zithunzi za anthu ofuna mavoti. Mlonda wa pa Senta anandiuza kuti amene amabwera ndi mlamu wawo wa a Chikuse, ali ndi kiyi wakewake, nthawi zina ndi anzake. Makompyuta amenewo ndi omwewo amene munali mayeso a masukulu onse, ndipo panalibe chotsekera, aliyense wodziwa kuyatsa ankatha kutsegula chilichonse. Ndinawauza a Chikuse kawiri. Koyamba anati mlamu wawoyo akupezera Senta ndalama. Kachiwiri anandifunsa ngati udindo wandilemera.

1996: Mayeso a moko

Masekondale a bungwe ankalemba pamodzi mayeso oyeserera a Folomu 4, amene timati moko. Chaka chimenecho mayeso asanayambe, mapepala a masamu ndi sayansi anali akugulitsidwa kale ku Biwi ndi pa msika wa Kawale, osindikizidwa bwinobwino ndi zilembo za makina athu. Mphunzitsi wina analanda limodzi kwa mwana m'kalasi, nkhani n'kuphulika. Mayeso anaimitsidwa, makolo anadzaza m'maofesi a ahedi, ahedi n'kulembera ku likulu la bungwe kuti abwezeredwe makina awo. Ndipo azungu aja anali pafupi kubwera kudzaona ngati apitirize thandizo.

A Chikuse anandiitana mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita. Anayamba ndi kundiyamikira kuti ndine mzati wa Senta. Kenaka anati bungwe lakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo komitiyo ikapanda kupeza munthu, idzati vuto ndi Senta yeniyeniyo, aitseka, tonse tikhala pakhomo. Anandifunsa amene anatayipa pepala la masamu. Ndinati a Nyamhango. Anandifunsa ngati n'zoona kuti mwana wawo woyamba ali Folomu 4 ku 25. Ndinati n'zoona.

"Ndiye nkhani yatha, Mayi Kamwendo. Inu mukangouza komiti kuti munawaonapo akutuluka ndi envulopu."

"Sindinawaonepo, bwana."

"Simunawaone chifukwa simunkayang'anitsitsa. Kaganizeni bwino, mukumbukira."

Ndisanayankhe anawonjezera kuti pa koleji pali nyumba yopanda munthu, ya madzi ndi magetsi m'kati, ndiponso kuti azungu akufuna kutumiza munthu mmodzi ku Joni kukaphunzira zambiri za makompyuta, ndipo dzina limene iwo ali nalo m'mutu ndi langa. Ananena zimenezi akuyang'ana pawindo, ngati akukamba za mvula.

Inu aakulu mukuikumbukira nyumba imene tinkakhala ku 23 ija. Mvula ikagwa tinkatchera mabeseni pabedi, madzi tinkagula pa kiyosiki, chimbudzi chinali chimodzi mabanja anayi. Bambo anu n'kuti atachotsedwa ntchito ku galaja kumene ankagwira, akungopeza maganyu apa ndi apo, zinthu m'sitolo zikukwera mwezi ndi mwezi. Malipiro anga ndiwo ankatidyetsa. Bambo anuwo ndinawafotokozera zimene a Chikuse ananena. Sanandiuze kuti ndikaname, ndipo musadzaganize choncho za bambo anu. Anati pali njira ya pakati: ndikauze komiti kuti sindinaone kanthu, n'kutseka pakamwa, za Loweruka ndisazitchule. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma si nkhonya zonse zoyenera kuzitchera mutu. Ndinawayankha kuti ndikatero komiti idzakhala ndi dzina limodzi lokha patsogolo pake, ndipo kukhala chete kwanga kudzagwira ntchito imene bodza likanagwira. Tinakangana. Inali nthawi yoyamba m'banja mwathu kukwezerana mawu ana akumva.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakwera minibasi kupita ku Mgona. A Nyamhango ndinawapeza akuchapa mayunifolomu a ana pakhomo. Ndinawauza zonse, osabisa za nyumba ndi za ku Joni. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuvula magalasi aja, n'kukhala pa njerwa. Sanalire. Anati mwana wawo masamu amamuvuta kuyambira kale, akanakhala kuti anamuonetsa pepala bwenzi aphunzitsi ake atadabwa kalekale. Kenaka anandiyang'ana n'kunditchula ndi mfunda wanga.

"A Naphiri, muli ndi ana, musafe chifukwa cha ine. Zina zonse chitani mmene mungathere. Koma bodza lokha musandinenere."

Komiti inakhala pa koleji, azibambo okhaokha a masuti kuzungulira tebulo lalitali. Nditalowa ndinaona kuti wolemba zokambirana ndi a Chikuse eni ake. Munthu amene ofesi yake inkafufuzidwa ndi amene anagwira cholembera. Wapampando anandifunsa ngati ndinaonapo Mayi Gondwe akutulutsa mapepala. Ndinati ayi, ndipo pa anthu onse a mu Senta amenewo ndiwo omaliza kuwakayikira. Anandithokoza n'kundiuza kuti ndikhoza kupita. Sindinadzuke. Ndinati ndili ndi zina. Ndinanena za Loweruka, za kiyi wachiwiri, za makadi a ukwati m'bini, ndi kuti ndinachenjezapo kawiri. Ndinapempha kuti aitane mlonda. Cholembera cha a Chikuse chinali chitagona pa tebulo, sanalembe ngakhale liwu limodzi. Wapampando anatsokomola n'kunena kuti ndiziyankha zimene ndafunsidwa, komitiyi sinabwere kudzamva miseche ya m'maofesi.

Mlonda sanaitanidwe. Mwezi usanathe anamusinthira kwina. A Nyamhango anachotsedwa ntchito, akuti chifukwa chotaya chikhulupiriro cha bungwe, popanda umboni, popanda mboni, patangotsala zaka zochepa kuti apume mwaulemu n'kulandira zawo. Mwana wawo anzake anamutcha wakuba mayeso mpaka anasiya kupita kusukulu milungu ingapo. Ine anandichotsa pa udindo n'kunditumiza ku pulayimale ya ku Chinsapo ngati wotayipa. Azungu anabwera, anaonetsedwa zipinda zosesa bwino ndi maluwa pa tebulo, anauzidwa kuti chipatso chowola chachotsedwa, n'kuwonjezera thandizo.

Amene anagulitsa mapepala aja sindinamuone ndi maso anga, choncho sindimutchula. Chimene ndikudziwa ndi amene sanagulitse.

1997 ndi 1998: Chinsapo

Wotayipa wotumizidwa ku sukulu yopanda tayipulaita. Akuluakulu a bungwe ankadziwa chimene ankachita. Ankafuna ndichite manyazi, ndisiye ndekha. Tsiku loyamba a Zimba anandilandira pakhomo la ofesi yawo, n'kundionetsa tebulo limene kale pankakhala makina awo, mabowo a misomali akuonekabe. Anati nkhani yanga anaimva, mpando ndi umenewo, ntchito tipeza.

Ntchito inapezekadi. A Zimba anali atatopa ndi kutumiza aphunzitsi ku 47, ndipo analamula kuti mayeso azilembedwa pa bolodi. Makalasi anali odzaza moti ana a kumbuyo sankaona, ndiye ine ndinkalemba mafunso omwewo pa bolodi la kutsogolo, n'kukalembanso pa chibolodi china chotsamiritsa kukhoma la kumbuyo, n'kutuluka kukalembanso kwa amene ankaphunzirira pansi pa mtengo. Mphepo ikawomba bolodi linkagwa. Mvula ikabwera mafunso ankasungunuka ana asanamalize kukopera. Funso lofuna chithunzi, monga mapu kapena ziwalo za duwa, tinkangolisiya. Ana amenewa ankakalemba mayeso enieni a Sitandade 8 asanagwirepo pepala losindikizidwa la mafunso chiyambire, ndipo ena ankasokonezeka n'kuyankha tsamba limodzi lokha osadziwa kuti kuseri kulinso mafunso. Amenewa ndi ana a anthu ogulitsa makala ndi oswa miyala, amene makolo awo ankasonkha kangachepe kugula makina amene lole ija inanyamula. Ndinkachoka ku 23 m'mamawa, kutsika ku depoti, kukweranso minibasi ya ku Likuni yodzera ku Chinsapo, ndipo theka la malipiro linkathera panjira. Tsiku limene mabasi avuta ndinkayenda pansi kuchokera m'tauni. Sindinasiye. Ndinati akafuna ndichoke andichotse okha ndi manja awo.

Chaka chotsatira mapepala a moko anatulukanso pa msika, a Nyamhango atachoka kalekale. Aliyense anamvetsa tanthauzo lake. Ndinadikira kuti mwina wina ku likulu achita manyazi, awaitana, awapepesa. Ndinapita ndekha kukaonana ndi wapampando uja. Anandidikiritsa pa benchi m'mawa wonse, kenaka mlembi wake anatuluka n'kundiuza kuti nkhani imeneyo inatsekedwa. Ulendo uno panalibe komiti, panalibe wochotsedwa. Anangoti ana a masiku ano ndi ochenjera.

Senta inafa pang'onopang'ono. Nthawi ya azungu itatha, inki ya mapulinta inakhala yodula moti bungwe silinkaikwanitsa. Kompyuta ikawonongeka panalibe woikonza, ankangoifunditsa nsalu. Zabwinobwino zimene zinatsala anazisamutsira ku koleji ya digiri, akuti kumeneko ndi kumene zikufunika kwambiri. Pofika kumapeto kwa 1998 nyumba ija anaibweza kwa mwini wake. A Zimba anapita ndi ngolo yobwereka kukatenga makina a sukulu yawo mu galaja muja. Anapeza denga linkadontha zaka zonsezo, migolo itagwirana ndi dzimbiri, makoswe atamanga zisa m'matayipulaita. Anabwerako ngolo ili yopanda kanthu. A Chikuse anakwezedwa. Anapita ku likulu la bungwe kukakhala mkulu woona za chitukuko cha masukulu onse.

1999: Mgona

A Nyamhango atachotsedwa anayamba kugulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Ndinkapita kukawaona mwezi ukatha. Sankafuna kukamba za Senta, ndikayamba ankandifunsa za inu ana. Koma thupi linkaonetsa. Anaonda, BP inakwera, mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Mwana wawo woyamba anakhoza mayeso enieni bwinobwino, masamu okha ndiwo anagwa monga ananenera mayi ake, koma zopitira patsogolo panalibe, anayamba ukondakitala. Mu nyengo yozizira ya 1999 a Nyamhango anagwa pa benchi lawo la tomato, mbali imodzi itauma. Anagona kuchipatala masiku ochepa osayankhula, n'kutisiya.

Mwambo unachitikira pakhomo pawo ku Mgona, thupi lisananyamuke kupita ku Ekwendeni. Anthu anali ambiri, a mpingo wawo, anansi, aphunzitsi a ku 25, ndi otayipa anzathu akale. Ine ndinakhala pansi pakati pa amayi, pafupi ndi khomo. Nditakweza maso ndinaona galimoto yoyera ikuima kumsewu, a Chikuse n'kutsika atavala suti yakuda. Anthu anawapatsa mpando pamthunzi, kumbali ya azibambo. Sanabwerepo kuchipatala, sanapondepo pakhomo limenelo zaka zitatu zonsezo. Kenaka mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anawerenga oyankhula: a kubanja, a mfumu a m'deralo, woimira kuntchito kumene malemu ankagwira, n'kumaliza ndi abusa. Ndinaona a Chikuse akukonza tayi.

Ndinkawadziwa mawu amene akananena. Akanati bungwe lataya mayi wokhulupirika, wolimbikira ntchito, chitsanzo kwa achinyamata. Akananena bwino kwambiri, anthu n'kugwedeza mitu, ana amasiye aja akumva. Wa kubanja akuyankhula, ndinadzuka, ndinamanga chitenje, n'kudutsa pakati pa amayi kupita kumbali ya azibambo. Anthu anandiyang'ana, wina anandikoka chitenje, sindinaime. Ndinagwada pafupi ndi mkulu wa mpingo uja, bambo wa imvi amene sindinkamudziwa, n'kuyankhula motsitsa.

"Abambo, pepani. Bambo a suti awo akaimirira, inenso ndiimirira. Ndinena pamaso pa anthu onsewa zimene anandiuza mu ofesi mwawo zokhudza mayi agona apawa."

Anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndine amene ndinkagwira nawo ntchito, ndipo ngati akukayika afunse mwana woyamba wa malemu. Kenaka anadzuka, anapita kwa mwanayo, ananong'onezana, n'kupita kumene kunakhala a Chikuse n'kuwerama. Zimene anawauza sindinamve. Ndinangoona a Chikuse akutembenuka kundifunafuna ndi maso, ndipo atandipeza sindinayang'ane pansi. A mfumu atamaliza, mkulu uja anati chifukwa cha kutalika kwa ulendo tipite kwa abusa. Amayi anayambitsa nyimbo. Bokosi lisanakwezedwe pa galimoto, galimoto yoyera ija inali itapita.

Amayi ena a mpingo anandidzudzula pambuyo pake, anati pamaliro si pokambira milandu, ndipo mkazi sadutsa pakati pa anthu choncho. Sindinawatsutse, mwambo ndi umenewo. Bambo anu, amene anaona zonse ali kumbali ya azibambo, titafika pa siteji anandigulira nthochi n'kundisendera okha.

Choncho malo a woimira kuntchito anadumphidwa. A Nyamhango anatayipa mayeso a ana a anthu zaka zoposa makumi awiri, ndipo anapita kwawo popanda liwu limodzi lochokera kuntchito. Zimandiwawa mpaka lero. Koma pakati pa kukhala chete kumeneko ndi mawu okoma a munthu uja, ndinawasankhira kukhala chete, ndipo ndikanasankhanso chimodzimodzi.